Alamu anga apatsa mwana wanga dzina loti Nevaeh, mayi anga akuti ndi lamdima

MayiWoyamba_25
Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndachira sabata yatha, mwana wamkazi, ndiye woyamba. Kwa amuna anga mwana woyamba amatchulidwa dzina ndi akuchimuna, ndipo udindowu unagwera alamu anga, achemwali awo a bambo a mwanayu, omwe amakhala ku Indiana, m'dziko la America. Mchombo utangogwa anaimba foni n'kunena kuti dzina ndi Nevaeh, ndipo tsiku lomwelo anatumiza ndalama ya dzina ndi ya matewera. Akuti ndi mawu achingerezi oti heaven, kumwamba, koma owerenga kuyambira kumapeto. Ine poyamba linandikomera. Koma mayi anga atamva nkhani yotembenuzayo akana kwamtuwagalu, akuti chotembenuza kumwamba ndi kugehena, mdzukulu wawo sangaitanidwe zimenezo. Apongozi anga nawo akungoti "kamwanaka" chifukwa dzinalo likuwakanika. Lolemba ndikupita kusikelo ndipo pakhadi pakufunika dzina. Kodi dzinali linachokera kuti kwenikweni? Alipo amene ali ndi mwana wa dzina limeneli?

Chigayo77
Ndalama ya dzina mwadya kale? Ngati mwadya, walira mvula walira matope.

Mtumiki_wa_Moto
Mayi anu aona bwino, musawapeputse. Dzina ndi ulosi. Tsiku lililonse mukamaitana mwana mumakhala mukulengeza chinthu pamoyo wake. Amdima ndi amene amakonda kutembenuza zinthu, mapemphero amawanena chafutambuyo, mtanda amauika chadodolido. Bwezani ndalamazo, mwana mumutche Chisomo kapena Favour.

Nangondo_waku_Dedza
A Mtumiki, kubweza ndalama ya dzina kwa mlamu mukukuona ngati kubweza chenji pagolosale? Ukwati wa mwana wa eni ake muutha inu.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga MayiWoyamba, choyamba ndikuti mwachira bwino, Mulungu akulerereni. Mbiri ya dzinali ndi yaifupi ndipo ndi yodziwika, si ngati mayina akalekale omwe akatswiri amakanganirana.

Ku America kuli ofesi ya boma yotchedwa Social Security Administration yomwe chaka chilichonse imatulutsa mndandanda wa mayina a ana obadwa m'dzikomo. Mu 1999 atsikana omwe anapatsidwa dzina loti Nevaeh m'dziko lonse lija anali 8 okha. Mu 2000 anakwana 86. Chaka chimenecho woimba wina, Sonny Sandoval, wa gulu la P.O.D. la ku San Diego, anaonekera pa pulogalamu ya pakanema ya MTV Cribs, ija anthu otchuka amaonetsa nyumba zawo. Anaonetsa mwana wake wakhanda n'kunena kuti dzina lake ndi Nevaeh, heaven yotembenuza. Chaka chotsatira, 2001, ana a dzinali anali 1,191. Pofika 2005 anali 4,457 ndipo dzinali linali pa nambala 70 mwa mayina a atsikana, kuposa Vanessa ndi Amanda omwe. Linakwera mpaka pa nambala 25 mu 2010, kenako linayamba kutsika pang'onopang'ono monga amachitira mayina a fasho.

Taonani kuti bamboyu sindiye analipeka, popeza ana 8 aja analipo kale iye asanaonekere pakanema. Iye anangolifalitsa. Ndipo a Mtumiki mumve apa: Sandoval ndi Mkhristu wosabisa, anatembenuka mtima ali mnyamata mayi ake atamwalira, ndipo ambiri mwa makolo omwe anatengera dzinali ndi anthu opemphera omwe ankafuna kunena kuti mwana wawo ndi mphatso yochokera kumwamba. Kutchula kwake amati Ne-ve-ya.

Mtumiki_wa_Moto
Aphunzitsi, kutchuka kwa chinthu sikuchiyeretsa. Njira yotakata imayendedwa ndi ambiri.

MphunzitsiWopuma
Zoona, ndipo sindinanene kuti ndi loyera chifukwa chotchuka. Ndanena kumene linachokera. Koma pa mfundo yanu yotembenuza ija, mwasakaniza zinthu ziwiri. Kutembenuza zilembo n'kwina, kutembenuza tanthauzo n'kwina. Mukalemba "moto" kuyambira kumapeto mupeza "otom", simupeza madzi. Oprah Winfrey kampani yake anaitcha Harpo, lomwe ndi dzina lake lomwe lotembenuza. Palibe amene anati kampaniyo ndi mdani wa mwini wake.

Chigayo77
Ndiye tiyeni tipange lathu. Kumwamba: Mba-mwa-ku. Mbamwaku Phiri. Likumveka ngati sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje.

Nangondo_waku_Dedza
Iwe Chigayo udzafa ndi pakamwa pako.

Kondwa_SouthBend
Ine ndili ku Indiana komweko, ku South Bend, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Alamu anuwo ndikuwamvetsa. Kuno dzinali si lachilendo n'komwe. Kusukulu ya ana anga kuli a Nevaeh angapo, azungu, akuda, a ku Mexico, ndipo palibe amakweza nsidze akalimva. Koma ndikuuzeni zoona ziwiri zomwe mwina alamu anu sanakuuzeni. Choyamba, kuno dzinali lapita kale msinkhu. Omwe anabadwa litatentha pano ndi atsikana akuluakulu, ena ali kukoleji, ena ali ndi ana awo. Zili ngati munthu wa ku Malawi kutcha khanda la lero Loveness, anthu amangodziwa kuti watenga dzina la m'badwo wa azakhali. Chachiwiri, kuli anthu ena kuno omwe amalinyoza, amati ndi dzina la anthu osapita patali ndi sukulu. Ndi tsankho chabe lonyoza osauka, ine sindigwirizana nalo, koma lilipo ndipo ndi bwino mulidziwe.

Bambo_a_Atsikana
Apa ndiye pali nkhani. Timatola zomwe eni ake atopa nazo, ngati kaunjika. Zovala kaunjika, magalimoto kaunjika, mpaka mayina kaunjika? Ine ana anga atatu ndi Tadala, Takondwa ndi Tiyamike. Agogo awo amawaitana osaluma lilime, ndipo aliyense akamva amadziwa zomwe zinali mumtima mwathu.

Zione_wa_Joni
Nanga inuyo dzina lanu ndani bambo? Ndikubetcha ndi Wyson kapena Fackson.

Bambo_a_Atsikana
Limathera ndi "son" ndithu, sindikana. Ndiye chifukwa chake ndinafuna kusintha pa ana anga.

Zione_wa_Joni
Ndiye mwaona. Mayina obwera sanayambe ndi alamu a ku Indiana. Kamuzu yemwe dzina loti Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Agogo athu anapita ku Wenela ndi ku Salisbury n'kubwerako ndi mayina a ziwiya za m'khitchini ya bwana. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, timati choncho tokha. Ine chimene chimandinyansa ndi choti Agnes, Esnart ndi Florence timawaona ngati athu chifukwa tawazolowera, koma mwana wa lero akabwera ndi lake timati chikhalidwe chatha.

WaGlasgow_Mlamu
Mwatchula Agnes mwandikumbutsa. Kuno ku Scotland kuli amayi achikulire otchedwa Senga, ndipo anthu ambiri amati ndi Agnes wotembenuza. Werengani nokha muone. Ena amati linachokera ku mawu a chilankhulo cha Gaelic otanthauza munthu wochepa thupi, koma nkhani ya Agnes ndi imene aliyense amakuuza. Tsiku loyamba kukumana ndi mayi wa dzinali kuntchito ndinamuuza kuti kwathu ku Salima kuli Senga Bay, anaseka mpaka misozi, akuti sankadziwa kuti ali ndi gombe lake ku Africa. Mfundo yanga ndi yoti masewera otembenuza dzinawa ndi akale kuposa Nevaeh, ndipo a Senga onse omwe ndawaona ndi amayi abwinobwino a mpingo wa Presbyterian.

Chigayo77
Senga Bay pano malo ogona akwera mtengo koopsa. Ndinapitako pa Khirisimasi, chambo chimodzi mtengo wake ngati mbuzi.

Zione_wa_Joni
Chambo chake chiti, nyanja yatsala ndi usipa wokhawokha.

Nangondo_waku_Dedza
Abale, mwana wa mnzathu alibe dzina inu muli pa chambo.

NamwinoWausiku
Ndilankhuleko ngati munthu amene amalemba mayinawa pamakhadi. Asisi, chilichonse chimene musankhe, Lolembalo mupite mutalemba dzinalo papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo muimirire pomwepo mpaka muone kuti lakoperedwa bwino. Dzinali lili ndi msampha. Pakamwa timati Ne-ve-ya, ndiye dzanja limafuna kulemba Neveah, e patsogolo a pambuyo. Ngakhale ku America komweko ambiri amalemba choncho. Koma mukatembenuza Neveah mupeza haeven, yomwe si mawu alionse. Ndiye kuti tanthauzo lonse lija lathera pa chilembo chimodzi.

Musaone ngati nkhani yaing'ono. Zolembedwa pakhadi la kusikelo ndi zomwe zimapita pa chiphaso cha kubadwa, kenako kusukulu, kenako pa mayeso a Sitandade 8, pa MSCE, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti. Mwana wa mchemwali wanga dzina lake linalembedwa mitundu itatu pa mapepala atatu. Pofuna pasipoti tinayenda miyezi, kulumbira kwa loya, kubwerera kumudzi kukatenga kalata ya amfumu, zonsezo chifukwa kalaliki wina analemba mmene anamvera. Ndipo limenelo linali dzina losavuta, la zilembo zisanu.

MayiWoyamba_25
Anamwino zikomo, izi sindinaziganizire n'komwe. Ndangoyang'ana pa uthenga wa alamu anga, iwonso pena alemba Nevaeh pena Neveah.

Chigayo77
Mwini dzina akulephera kulemba dzina lake lomwe. Mlandu watha, tiyeni tizipita.

KatekisitiWakale
Sindikudziwa kuti mumapemphera kuti, koma ngati ndinu a Katolika mfundo iyi ikuthandizani. Ambiri amaganiza kuti lamulo limakakamiza dzina la woyera pa ubatizo. Malamulo a mpingo omwe anatuluka mu 1983, pa nambala 855, amangoti makolo, a ubatizo ndi bambo mfumu aonetsetse kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi chikhristu. Dzina lonena za kumwamba silingagwe pamenepo. Komabe mwambo wa dzina la woyera ndi wabwino ndipo ukhoza kukupulumutsani: mayi anu asankhe la ubatizo, alamu akhale ndi lawo. Ine ndabatizitsa ana ambiri a mayina atatu chifukwa cha mikangano ngati yomweyi.

Mtumiki_wa_Moto
Kuphatikiza kuwala ndi mdima sikuchotsa mdimawo.

Gogo_Nasibeko
Ana inu ndakhala ndikuwerenga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. A Mtumiki, ine dzina langa la kubadwa ndi Misozi. Mayi anga anataya ana atatu ndisanabadwe ine, ndiye anati uyunso ndi wa misozi yomweyo. Mchimwene wanga anali Mavuto. Kale ankatero dala, kumupatsa mwana dzina loipa kuti imfa imunyoze, imudutse. Ine ndili pano ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ana asanu ndi mmodzi onse amoyo. Mavuto anamwalira ali ndi ng'ombe ndi nyumba ya malata. Pomwe ndaika m'manda a Madalitso ndi a Chimwemwe omwe sanaone tsiku labwino ndi limodzi lomwe. Ngati dzina likanakhala ulosi monga mukunenera, ine ndikanalira mpaka maso kuuma.

Koma kwa iwe mwana wanga wobereka, ndikuuze zimene ndikuona. Mayi ako sakulimbana ndi zilembo. Kodi anagona nawe kuchipatala ndani? Anakuphikira phala ndani, akuchapa matewera ndani? Ndiye wina ali kutsidya kwa nyanja angoimba foni, dzina ili, ndalama izi, basi zatha. Kwathu kuno kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ndi ya malume. Inde akuchimuna amatchula dzina, koma kale ankabwera, kukhala pamphasa, kumunyamula mwanayo, kumuika kandalama m'manja, akuchikazi akuona n'kululutira. Mayi ako amanidwa ulemu umenewo. Gehenayo angoipeza panjira.

Nangondo_waku_Dedza
Agogo mwalasa. Ine apongozi anga anakana dzina la mwana wanga kwa chaka chathunthu, ati ndi lovuta kutchula. Dzina lake Ruth. Vuto linali loti anamva kwa aneba asanamve kwa ife.

Zione_wa_Joni
Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Komabe agogo, mayi wobereka yekhayo bwanji palibe akumufunsa? Miyezi isanu ndi inayi wanyamula ndi iye, ululu wamva ndi iye, koma dzina akukanganirana ndi alamu ndi agogo. Asisi MayiWoyamba, inuyo mumafuna dzina lanji?

MayiWoyamba_25
Mwandifunsa funso lomwe kunyumba kuno palibe wandifunsa. Ndili ndi pakati ndinkamuitana Pemphero mumtima, chifukwa tinadikira zaka zinayi. Amuna anga ndinawauza, anati tidikire achemwali.

Bambo_a_Atsikana
Pemphero! Dzina labwino chotere mukulisiya chifukwa cha madola?

Kondwa_SouthBend
Bambo musanyoze madola, kuno timawapeza movutika, mashifiti ausiku m'nyengo ya chisanu choopsa. Ndipo munthu ukakhala kunja, maliro amakudutsa, maukwati amakudutsa, ana a abale ako amakula osakudziwa. Kutchula dzina mwina ndi chinthu chokhacho chimene alamuwo angachite kuti akhale ndi gawo pa mwanayu. Muwamvereko chisoni nawonso.

Vee_waku_Zomba
Ine ndine Vanessa ndipo moyo wanga wonse ndimauza anthu kuti dzina langa ndi lachigiriki, limatanthauza gulugufe. Ndiye langa lili ndi tanthauzo lenileni, osati zotembenuzazi.

MphunzitsiWopuma
Pepani mwana wanga, ndikukhumudwitsani pang'ono. Dzina lanu nalonso ndi lopeka, kungoti linapekedwa kale. Analipanga ndi Jonathan Swift, mlembi yemwenso anali mkulu wa tchalitchi cha St Patrick's ku Dublin. Anali ndi mnzake wamkazi dzina lake Esther Vanhomrigh. Anatenga Van ku dzina la bambo ake, n'kuphatikiza ndi Essa, kachidule ka Esther, n'kuliika mu ndakatulo yomwe inasindikizidwa mu 1726. Gulugufe anabwera pambuyo: mu 1807 katswiri wa tizilombo Fabricius anatcha mtundu wina wa agulugufe Vanessa. Ndiye kuti gulugufe ndi amene anatenga dzina lanu, osati inu kutenga lake.

Masamba ambiri a pa intaneti onena matanthauzo a mayina amangokoperana mabodza. Za Nevaeh mudzapezanso ena akulemba kuti ndi lachihebri, ena akuliphatikiza ndi dzina la ku Ireland loti Niamh, lomwe amatchula kuti Niiv ndipo ndi lakalekale, losakhudzana nalo n'komwe. Anthu amachita manyazi kuvomera kuti dzina linapekedwa dzana, ndiye amalifunira makolo. Chonsecho dzina lililonse linali latsopano tsiku lina. Tadala ndi Takondwa a bambo aja, kodi m'makalembera a sukulu a m'ma 1960 munkawapeza angati? Ine ndinayamba kuphunzitsa kalasi ili yodzaza ndi a Mary, a Grace ndi a Joyce. Ndinapuma ili yodzaza ndi a Chisomo, a Mphatso ndi a Thokozani.

Vee_waku_Zomba
Aphunzitsi mwandiwonongera tsiku. Ndili ndi ndolo za gulugufe, chikwama cha gulugufe, zonse.

Chigayo77
Zivaleni basi, gulugufeyo ndi mwana wanu wa dzina.

WaGlasgow_Mlamu
Za kanema kufalitsa dzina zija si za ku America kokha. Chichitireni bwino Temwa Chawinga ku Kansas City mu 2024, kumudzi kwathu ndamva makanda awiri otchedwa Temwa, makolo ake Achewa enieni osadziwa ndi liwu limodzi la Chitumbuka. Ena sadziwa n'komwe kuti likuchokera ku kutemwa, kukonda. Angoona mtsikana akugoletsa zigoli basi.

Mtumiki_wa_Moto
Ine ndanena zanga. Tsiku lina mudzandikumbuka.

Gogo_Nasibeko
Tidzakukumbukani ndithu bambo, mwatisangalatsa.

NamwinoWausiku
Chinanso asisi, pa nkhani ya apongozi olephera kutchula. Musawaonetse cholembedwa, chimasokoneza ndi h wa kumapetoyo. Ingowauzani pakamwa kuti Neveya. Likulowa bwinobwino m'Chichewa, kuposa Bridget kapena Gertrude omwe timawatchula tsiku ndi tsiku. Koma konzekerani kuti anzake kusukulu adzamutcha Neva, ndipo anyamata a Fomu 2 sadzalephera kupangapo nthabwala.

MayiWoyamba_25
Ndabweranso, pepani ndinasowa masiku awiri, kamwanaka sikagona usiku. Ndinachita zimene agogo a Nasibeko ananena. Ndinawauza amuna anga kuti achemwali awo aimbire mayi anga pa vidiyo, osati ine. Anaimba Loweruka madzulo. Apongozi anabwera, tinayala mphasa, mwana anamunyamula apongozi m'malo mwa alamu, ndalama ija tinaitulutsanso n'kuiika m'kadzanja kake. Alamu anapepesa kuti anafulumira, anafotokoza kuti iwo sanapatsidwe mphatso ya mwana ndipo dzinali analisunga zaka zambiri kudikira wawo. Apo mayi anga analira. Za gehena sanazitchulenso, ngakhale sananenenso kuti avomera.

Kusikelo ndinapita ndi pepala monga anamwino ananenera. Pakhadi palembedwa Pemphero Nevaeh, ndinayang'ana kawiri, a ali patsogolo pa e. Amuna anga anadandaula pang'ono kuti la achemwali awo labwera pachiwiri koma ndinawauza kuti amene anamva ululu ndi amene amayamba. Apongozi akumuitana Neviya. Mayi anga akumuitana Nabanda, akuti enawo ndi a pakhadi.

Chigayo77
Ndiye Mbamwaku lija likadali lopanda mwini? Akazi anga akuyembekezera mwezi wa mawa.

Nangondo_waku_Dedza
Tipatseni nambala ya akazi anuwo tiwachenjeze.